Kompyuta ya pa Tebulo Isakhale Chokongoletsa Pabalaza



Sabata yatha ndinalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Lirangwe. Iwo akuti mlongo wawo wa ku Johannesburg anaŵatumizira kompyuta ya pa tebulo, koma yangokhala pabalaza yovundikiridwa ndi nsalu. Pamenepo mwana wawo wamkazi, amene anakhoza mayeso a Fomu 4, amakwera minibasi kupita ku Lunzu kukalipira intaneti pofuna kutumiza makalata ofunsira malo ku sukulu zaukachenjede. Funso lawo ndi lakuti: kodi makina ameneŵa angathe kulandira intaneti popanda kukoka nthambo?

Mayi, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Yankho ndi lakuti inde, ndipo ndalama zake sizifika pa mtengo wa makina atsopano.

Makompyuta ambiri a pa tebulo, makamaka akale, alibe chipangizo chogwirira Wi-Fi monga mmene zilili lamya za m'manja. Motero pafunika zinthu ziŵiri. Choyamba ndi kachipangizo kakang'ono kooneka ngati fulashi, kotchedwa USB Wi-Fi adapter, kamene mumakaloŵetsa pa kabowo ka USB. Kamapezeka m'masitolo a makompyuta ku Blantyre ndi ku Limbe. Musanagule, muuzeni wogulitsa mtundu wa Windows umene uli m'makina anu, chifukwa tina sitigwirizana ndi makina akale.

Chachiŵiri ndi gwero la intanetiyo. Mungathe kugula rauta yoikamo simu khadi ya TNM kapena Airtel, kapenanso kutsegula hotspot pa lamya yanu. Kumbukirani kuti kuyambira mu 2018 simu khadi iliyonse iyenera kulembetsedwa, choncho tengani chitupa chanu cha unzika. Amene thumba laperepera angathe kungolumikiza lamya ndi kompyuta pogwiritsa ntchito kanthambo kotchajira, n'kutsegula USB tethering. Njira imeneyi sifuna kugula chilichonse kupatula bandulo.

Rauta kapena lamya muiike pamalo okwera pafupi ndi zenera, pakuti zipupa zokhuthala ndi zitsulo zimafooketsa mphamvu yake. Kachipangizo kaja kaloŵetseni kutsogolo kwa bokosi la kompyuta, osati kumbuyo kumene kwayang'ana khoma. Mvula ya ziphaliŵali ikayamba, kapena magetsi akazima, zulani pulagi.

Tsono nali langizo lalikulu. Bandulo ili ngati ufa wa m'nyumba: mayi wanzeru amadziŵa kuti utha liti. Kompyuta ikaona intaneti imayamba yokha kukoka zinthu zodzikonzera, ndipo bandulo ya mwezi ingathe kutha usiku umodzi. Pemphani wokuthandizani atsegule malo olembedwa kuti metered connection, kuti makinawo adziŵe kudya mosamala.

Ikaninso nambala yachinsinsi yovuta kuilota, osati dzina la mwana kapena chaka chimene munabadwa. Nambala imeneyi ndiye kiyi wa nkhokwe yanu. Mukaipereka kwa aliyense, mudzi wonse udzatapa nawo, inu n'kumadabwa kuti ndalama zikupita kuti.

Makinawo akhale pabalaza pomwepo, pamene maso a kholo amafika, osati kuchipinda kwa ana. Pa intaneti pali maphunziro, komanso pali akathyali amene amanyenga atsikana ndi malonjezo a ntchito zakunja. Ndipo inu mayi musangoimirira kumbuyo. Khalani pampando, mwana wanu akuonetseni pogwira. Manja amene amatha kusoka ndi kutumiza ndalama pa lamya sangalephere makina ameneŵa.

Kwa mayi a ku Lirangwe ndikuti: vundukulani nsalu ija. Ndalama za minibasi zisanduke bandulo, mwanayo atumize makalata ake ali pakhomo. Akadzapeza malo, mudzatilembere kuti tisangalale nanu.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamaŵa.