ZA UMOYO M'BANJA: KAPAIPI KA M'DISO

Mwezi uno tikambirane za nthenda ya maso yotchedwa glaucoma, ndi za kapaipi kamene madokotala amaika m'diso nthaŵi zina pofuna kuiletsa. Ambirife timadziŵa ng'ala. Taona agogo amene adapita ku Nkhoma atagwiridwa dzanja, nabwerako akuyenda okha. Chifukwa cha ichi timaganiza kuti opaleshoni iliyonse ya maso imatha tsiku lotuluka m'chipatala. Glaucoma sili choncho ai.

M'kati mwa diso muli madzi oyera, osiyana ndi misozi, amene amapangika usana ndi usiku natuluka pa tingalande tosaoneka ndi maso. Tingalandeto tikatsekeka, madzi amachuluka nayamba kufinya mtsempha umene umapereka ku ubongo zonse zimene tikuona. Mtsemphawo umafa pang'onopang'ono, kaŵirikaŵiri popanda kuŵaŵa, ndipo munthu amayamba kusaona za m'mbali. Mbali imene yafa siidzukanso. Ntchito ya mankhwala odontheza m'maso ndi ya opaleshoni ndiyo kusunga kuona kumene kwatsalako.

Mankhwala akalephera, dokotala amatsegula kakhomo m'diso kuti madzi azituluka. Koma kakhomoko nthaŵi zina kamatsekeka ndi chipsera, ndipo apa ndi pamene amaganiza zoika kapaipi. Amene adayamba nzeru imeneyi ndi Dr. Anthony Molteno wa ku South Africa, amene adailengeza m'chaka cha 1969. Pambuyo pake kudabwera mtundu wa Baerveldt mu 1990 ndi wa Ahmed mu 1993, ndipo lero kampani ya Aurolab ya ku India imapanga wina wotsika mtengo. Kukula kwa boo la kapaipika sikufika ngakhale theka la milimita. Nsonga imodzi imaloŵa kutsogolo m'kati mwa diso, ndipo inayo imathera pa kambale kosokeredwa pa choyera cha diso, kunsi kwa chikope. Zonsezi amazifunditsa ndi kakhungu kopyapyala.

Tsono malo amene kapaipi kayenera kukhala ndi ochepa kwambiri, ndipo kakaphonya pang'ono, kaya pa tsiku lokaika kaya patapita zaka, pamabuka mavuto. Kakapendekera kutsogolo kamakhuza galasi loonekera la diso, ndipo galasilo limayamba kuchita nkhungu. Kakabwerera m'mbuyo, kapena kakatsekedwa ndi magazi kapena kamnofu kakuda kozungulira mwanadiso, madzi amadzazanso monga kale. Izi za kubwerera m'mbuyo zimachitika makamaka kwa ana, popeza diso lawo likukulabe. Kakaboola kakhungu kokafunditsa nikaonekera poyera, tizilombo timapeza njira yoloŵera m'kati, ndipo diso lingathe kufa m'masiku oŵerengeka. Nako kambale kakapana minofu yotembenuza diso, munthu amaona chinthu chimodzi ngati ziŵiri.

Anthu a ku Area 18 mu Lilongwe sadaiŵale mwezi wa July m'chaka cha 2017, pamene madzi a zonyansa adaloŵa m'mipope ya madzi akumwa chifukwa cha mapaipi oonongeka pansi pa nthaka. Paipi yobisika ikavuta, eni nyumba amadziŵa zinthu zitaipa kale. Chimodzimodzinso kapaipi ka m'diso: wodwala sangathe kukaona yekha pa kalilole kuti kali m'malo mwake. Amene amaona ndi dokotala, pa makina ake ounikira ndi oyezera mphamvu ya madzi a m'diso. Vuto likapezeka msanga, angathe kukasuntha, kukadula, kukalumikiza kapena kukafunditsanso.

Nanga banja lichitenji? Choyamba, tsiku limene adokotala alemba m'kabuku ka kuchipatala lisaphonyedwe, ngakhale wodwala anene kuti akupeza bwino. Chachiŵiri, musadikire tsikulo ngati diso lafiira kwambiri, likuŵaŵa, likutuluka mafinya, likuona nkhungu kapena zinthu ziŵiriziŵiri, kapena ngati mwaona kanthu konga ulusi pa choyera cha diso. Kaya mukhala ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo kapena ku Mgona, pitani tsiku lomwelo. Mu Lilongwe muli chipatala cha maso cha Lions SightFirst pa Kamuzu Central. Ku Nkhoma kuli chigawo cha maso, ndipo ku Blantyre chili pa Queen Elizabeth. Ngati opaleshoni idachitikira kunja kwa dziko, sungani kalata yonena mtundu wa kapaipi ndi diso limene adakaika, pakuti dokotala wa kuno adzaifuna.

Chachitatu, diso lotere salitikita, ndipo salithira mkaka wa m'maŵere, madzi a zitsamba kapena mankhwala a mnansi. Mankhwala ena odontheza ogula popanda kalata ya dokotala amachulukitsa madzi a m'diso m'malo mowachepetsa. Safunsa adadya phula.

Inu achinyamata, ntchito yaikulu ili m'manja mwanu. Munthu amene kuona kwake kwachepa amavutika kuŵerenga tsiku m'kabuku, kulunjikitsa dontho m'diso ndi kuoloka msewu pa depoti. Lembani tsikulo pa kalendala, sambani m'manja ndi kuwadontheza mankhwala pa nthaŵi yake, ndipo aperekezeni. Kumbukiraninso kuti glaucoma imayenda m'magazi, ndipo mwa ife anthu akuda imayamba msanga nifulumira kuononga. Choncho ngati bambo, mayi kapena mbale wanu ali nayo, kayezetseni inunso. Ndipo aliyense amene wakwanitsa zaka 40 apemphe kuti amuyeze maso, ngakhale akuona bwinobwino.