Chimene Makina Aona m'Ubongo wa Odwala Maganizo

Pamene kalaliki wa m'ofesi ya Boma ayamba kumva mau a anthu osaoneka, kapena mphunzitsi wakhama aleka kudya ndi kugona nangokhala duu masabata ambiri, anzake sachedwa kuweruza. Ena ati walodzedwa, ena ati ndi ulesi chabe, ndipo mkulu wa ntchito atenga cholembera kuti alembe kalata yomdzudzula. Tsono pali umboni wa madotolo umene uyenera kuimitsa cholemberacho.

Nthenda ziwirizi siziri chimodzimodzi. M'chaka cha 1899 dotolo wa ku Germany, Emil Kraepelin, anasiyanitsa misala imene lero itchedwa schizophrenia ndi nthenda zosinthasintha mtima, m'mene muli kukhumudwa kwakukulu. Koma zaka zambiri zinapita madotolo osagwirizana ngati ubongo wa odwalawo uli wosiyana ndi wa anthu ena.

Zinthu zinasintha mu 1976, pamene Eve Johnstone ndi Tim Crow, pa chipatala cha Northwick Park ku London, anajambula mitu ya odwala schizophrenia ndi makina a CT. Anaona kuti mphako za madzi ziri m'kati mwa ubongo zinali zazikulu koposa za anthu angwiro. Odwalawo sanafike 20, ndipo okayika anali ambiri. Umboni wolimba unadza mu 1990 ku America, kumene anajambula ndi makina a MRI magulu 15 a mapasa ofanana ndendende, wina wodwala wina ayi. Pafupifupi m'magulu onse, wodwalayo anali ndi mphako zokulirapo, ndipo chigawo chosunga chikumbukiro, chotchedwa hippocampus, chinali chocheperapo. Popeza mapasawo anatengera zofanana kwa makolo, nkoonekeratu kuti chibadwa pachokha sichifotokoza nthendayi.

Pa za kukhumudwa, Yvette Sheline wa ku St. Louis anapeza mu 1996 kuti amai amene nthendayi inawabwerera kawirikawiri anali ndi hippocampus yochepa, ndipo inacheperachepera molingana ndi kutalika kwa nthawi imene anadwala. Mu 2016 bungwe la ENIGMA linayerekeza odwala 1,728 ndi anthu angwiro 7,199. Kusiyana kunalipodi, koma kunangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 100, ndipo sikunaoneke mwa amene anadwala koyamba. Mwa odwala schizophrenia 2,028, bungwe lomwelo linapeza kusiyana kokulirapo, kokhudza zigawo zingapo.

Apa mpofunika kusamala, pakuti nkhani yabwino iwonongeka ndi okokomeza. Kusiyanaku kuoneka poyerekeza magulu aakulu. Pa munthu mmodzi chithunzi sichinganene kuti uyu ndi wodwala, uyo ndi wangwiro. Ndiponso mu 2011 gulu la Nancy Andreasen ku Iowa linasonyeza kuti mankhwala ochuluka, omwedwa zaka zambiri, ayendera limodzi ndi kuchepa kwina kwa ubongo. Chimenechi ndi chifukwa choti dotolo ayese bwino mlingo wa mankhwala, osati choti wodwala awataye kudzala, pakuti nthenda yobwererabwerera ndiyo ilanda munthu ntchito ndi banja.

Kotero kusowa kwa makina odulawa si chowiringula. Ngakhale ku London, nthendazi azizindikira pocheza ndi wodwala ndi abale ake, monga momwe achitira pa chipatala cha odwala maganizo ku Zomba. Chimene chifunika ndi kufulumira. Schizophrenia kawirikawiri iyamba munthu ali pakati pa zaka 15 ndi 30, ndiye kuti mphunzitsi wa ku sekondale kapena ku sukulu ya uphunzitsi ndiye angayambe kuona mnyamata wanzeru akudzipatula ndi kulankhula zosalumikizika. Woteroyo ayenera kumtumiza kuchipatala asanaganize za chilango. Ndipo mkulu wa ofesi, amene sakaniza tchuthi kalaliki wodwala chifuwa chachikulu, apereke tchuthi chomwecho kwa wokhumudwa, namsungire malo ake kufikira atabwera ndi kalata ya dotolo.