Kugawana Mapologalamu Aulere Si Umbava

Pali bodza lomwe lamera mizu ngakhale pakati pa anthu ophunzira, lakuti aliyense wotenga pologalamu ya kompyuta kudzera pa BitTorrent ndi mbala. Oyang'anira makompyuta m'sukulu ndi m'maofesi ena amangotseka njirayi osafunsa n'komwe kuti wotengayo akufuna chiyani. Kumeneku n'kutentha nkhokwe yodzaza chimanga chifukwa cha khoswe mmodzi.

Tiyambe ndi eni katundu. Mu 1983 Richard Stallman adayambitsa ntchito ya GNU, ndipo mu 1991 Linus Torvalds, akadali wophunzira ku Helsinki, adatulutsa Linux. Malamulo a mapologalamu oterewa amalola munthu aliyense kuwakopa, kuwasintha ndi kupatsako mnzake. Kodi munthu angabe bwanji chinthu chimene mwini wake akumudandaulira kuti atenge? Eni a Ubuntu, Debian ndi LibreOffice amaika okha timafayilo ta torrent pa masamba awo a pa intaneti.

Njirayi, yomwe Bram Cohen adatulukira mu 2001, ikufanana ndi momwe alimi amagawirana mbewu ya mbatata. Wopempha mbewu kwa mnansi lero, ikangoyanga m'dimba mwake, nayenso amasanduka wopatsa. Pologalamu imadulidwa m'tizidutswa tambirimbiri, ndipo kompyuta iliyonse ikalandira kachidutswa imakaperekanso kwa ena. Choncho tsiku lotuluka Ubuntu watsopano, otenga akachuluka opatsa amachulukanso, m'malo moti khamu lonse likapanikizane pa makina a eni ake. Timagulu tolemba mapologalamu modalira zopereka za anthu akufuna kwabwino timapepukidwa ndithu. Ife amene magetsi amatithimira ntchito ili pakati tili ndi phindu lathunso: akayaka, kompyuta imapitiriza pomwe idalekera, ndipo kachidutswa kalikonse kamayesedwa ndi chizindikiro chake, kolakwika kamatayidwa n'kuitanitsa kena.

Otsutsa amati njirayi imalowetsa mavairasi. Awa akumbutsidwe zomwe zidachitika mu February 2016. Akathyali adathyola tsamba lenileni la Linux Mint nalozera anthu ku fayilo yomwe adaibisira msampha. Amene adatenga kudzera pa torrent sadakhudzidwe. Ngozi ili pa gwero: wotola kafayilo ka torrent pa tsamba losadziwika walira yekha tsoka, monganso wogula mankhwala pamsika wapansi.

Sindikuti njirayi ilibe minga. Mbiri yoipa ili ndi chiyambi chake, pakuti Napster, yomwe idayamba mu 1999 nitsekedwa mu 2001 itagonja m'bwalo la milandu, inkagawitsa nyimbo za eni popanda chilolezo, ndipo mpaka lero ambiri amaba makanema pa BitTorrent. Wotenga amaonetsanso adiresi yake ya pa intaneti kwa onse amene akugawana nawo. Pologalamu yakale ikasowa woipatsa, sipezekanso m'njirayi. Koma munga wolasa kwambiri kwathu kuno ndi ndalama. Ubuntu wa masiku ano amaposa magigabayiti 5, ndipo kupatsa ena kumadyanso bando yomweyo. Mwana wa sukulu amene wagula bando ndi ndalama ya sopo sindingamudzudzule akatseka kompyuta atangomaliza kutenga.

Komatu zonsezi sizipatsa woyang'anira chifukwa chotsekeratu chitseko. Pologalamu ya torrent imalola kuika malire a liwiro lotengera ndi lopatsira. Sukulu ingathe kupatula kompyuta imodzi, mphunzitsi wodziwa natengapo usiku, natsimikiza chizindikiro chomwe eni adalengeza, kenaka nagawira ophunzira ndi sukulu zoyandikana nazo pa fulashi. Kale eni a Ubuntu ankatumiza ma CD kwaulere pa positi, koma adaleka mu 2011. Positi imene ija idatha. Mwana wofuna kuphunzira Linux lero akupeza kuti njira yomwe eni ake adamukonzera yatsekedwa ndi mphunzitsi wake yemwe.