Musalidule pakati liwu loti "mlendo"

Sabata yatha tinali pa maliro a Mmalawi mnzathu kuno ku Durban. Tili mkati mosonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi, mnyamata wina wophunzira bwino anati Chichewa ndi chosauka, poti munthu amene tamuphera nkhuku timamutcha mlendo, ndipo amene apolisi akumufunsa mapepala timamutchanso mlendo. Anati tipeze mawu awiri osiyana monga achitira Angerezi. Ambiri anavomera. Ine, abale anga, ndikukana.

Tiyambe ndi liwulo. Mlendo ndi munthu wa pa ulendo, ndipo tsinde lake ndi limodzi ndi la kuyenda. Wodzacheza ndi mlendo. Wosokera amene akufunsa njira amati "ndine mlendo kuno", ndipo palibe amamuseka. Mayi akachira, timamva kuti kwabwera mlendo, kunena khanda loti ndi magazi athu enieni. Makolo sanasowe mawu pamenepa. Anaona kuti wosadziwika wa lero ndiye mkamwini wa mawa, n'chifukwa chake anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Liwuli limakukakamiza kuyala mphasa usanafunse kumene munthu wachokera.

Sitili tokha pa zimenezi. Pa Chiswahili, mgeni ndi wodzacheza komanso wakudza. Agiriki akale ankati xenos ponena onse awiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti lero liwuli timalimva m'mawu oti xenophobia basi, ulemu wake utatayika. Ngakhale Azulu amene tikukhala pakati pawo ali ndi isihambi, lochokera ku hamba, kuyenda, monga lathu lomwe. Mwambi wawo umati mimba ya wapaulendo ndi yaing'ono ngati impso ya mbalame, kutanthauza kuti kumudyetsa sikusaukitsa. Kuti munthu amuthamangitse, anayenera kumupezera dzina lina, kwerekwere, lonyoza kalankhulidwe kake. Pomuwotchera nyumba palibe amamutcha isihambi.

Taonani zimene zimachitika liwu likadulidwa. Ku Zimbabwe, ana a Amalawi, Azambia ndi Amozambiki obadwira m'mafamu ndi m'migodi analembedwa "alien" pa zitupa zawo, ndipo ambiri analandidwa ufulu wovota kufikira malamulo atsopano a dziko a 2013. Ku Zambia, mu 1999, khothi lalikulu la ku Ndola linagamula kuti Kenneth Kaunda, amene analamulira dzikolo zaka 27, sanali nzika, chifukwa makolo ake anachokera ku Nyasaland. Kuno ku Durban, mu Epulo 2015, anthu athu anagona m'matenti ku Isipingo, ku Chatsworth ndi ku Phoenix, mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi odzawatenga. Mu Malichi 2019 enanso anathawira ku polisi ya Sydenham. Konseku chinayamba ndi dzina, zikwanje ndi zidindo zinabwera pambuyo. Kodi chida chimenechi ndicho mukufuna tichisulire m'chilankhulo chathu?

Mnyamata uja ali ndi mfundo imodzi yoona. Pa chipata cha Beitbridge ndi m'khothi pamafunika mawu osazungulira. Komatu alipo kale: timati nzika ya dziko lina, timati wothawa nkhondo. Amenewo ndi mawu a pa pepala, ndipo akhale pa pepala pomwepo. Chimene ndikukana ndi kuwalowetsa m'khitchini ndi pa bwalo, kuti mwana akule akudziwa kuti alipo alendo oyalira mphasa ndi ena owatsekera chitseko.

Tsono ndidzudzule ife tomwe, pakuti kudula kumeneku tinayamba kale. Tikamenyedwa ku Joni timalira kuti ndife alendo, atichitire umunthu. Tikafika kwathu, wogulitsa m'golosale wochokera ku Rwanda, ku Burundi kapena ku Congo timamutcha Mburundi, ena timawati obwera, ndipo mawuwa timawalavula. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anagwira othawa nkhondo m'mizinda ya Malawi, ena n'kuwasunga ku ndende ya Maula pamodzi ndi ana awo, kenaka n'kuwatengera ku Dzaleka m'boma la Dowa. Msasawo unakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma unali utadzaza kale ndi oposa 50,000. Ambiri a ife tinawomba m'manja, tikunena zomwe timamva m'misewu ya Durban, zoti akutilanda malonda.

Choncho vuto sindiliona m'Chichewa. Lili mwa ife amene tikufuna liwuli lititeteze pa Warwick Junction koma lisatimange pa msika wa Lilongwe. Ngati mukufuna kutchedwa mlendo kuno, wakudza wa kwanu mumutchenso chimodzimodzi, ndipo mumupatse zimene dzinalo limalamula: madzi akumwa, mphasa, ndi mpata wofotokoza za ulendo wake.

Thupi la mnzathu uja linanyamuka Lachinayi, kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete. Pa ndalama zimene tinasonkha, zina anaponya ndi amayi a Chizulu amene ankamuchititsa lendi.