PA BWALO LA BANJA: Nyimbo Zidabwerera, Mbale Sadabwerere

Mwezi uno taoloka nyanja kukatenga nkhani ku America. Ndi mbiri ya John Fogerty, woimba ndiponso woliza gitala wa gulu lotchuka la nyimbo za rock lotchedwa Creedence Clearwater Revival. Mwina ena mwa inu mudamvapo nyimbo zake monga "Proud Mary" ndi "Have You Ever Seen the Rain". Chimene chatikoka ife ndi chakuti m'gulu limeneli mudali abale aŵiri a bere limodzi, ndipo zimene zidaŵagwera zimagweranso mabanja ambiri amene sadakhudzeko gitala chibadwire.

Ubwana wake

John adabadwa pa 28 Meyi 1945 ku Berkeley, m'chigawo cha California, nakulira m'tauni yoyandikana nayo ya El Cerrito. M'banja mwawo mudali ana aamuna asanu, ndipo iye adali wachitatu. Makolo ake adalekana iye akali mwana, anawo natsala m'manja mwa mai awo. M'chaka cha 1959 adapangana ndi anzake aŵiri a pa sukulu, Doug Clifford womenya ng'oma ndi Stu Cook amene pambuyo pake adadzagwira gitala wa besi, nayamba kagulu kotchedwa Blue Velvets. Mkulu wake wa John, dzina lake Tom, wobadwa mu 1941, adadzaloŵamo pambuyo. Tionetsetse apa: poyamba woimba patsogolo adali Tom, ndipo dzina lake ndilo linkatsogola pa zimbale zawo zoyamba. Mng'onoyo ankangoliza gitala pambali.

Anyamataŵa adavutika zaka zambiri osadziŵika. Mu 1964 adalembedwa ndi kampani yojambula nyimbo ya Fantasy Records, ndipo John adagwirako ntchito yolongedza zimbale pa kampani yomweyo kuti apeze zosoŵa zake. Mu 1966, pa nthaŵi ya nkhondo ya ku Vietnam, adaloŵa usilikali, ngakhale sadatumizidwe ku nkhondoko. M'zaka zimenezi mau ake adakhwima, luso lake lopeka nyimbo lidakula, ndipo pang'onopang'ono Tom adamsiyira malo a patsogolo aja. Si chinthu chapafupi kuti mkulu apatukire mng'ono wake pa njira. Pa chimenechi Tom ayenera kukumbukiridwa bwino.

Pepala limene adasaina

Mu 1967 kampani ija idagulidwa ndi Saul Zaentz, ndipo kuchiyambi kwa 1968 anyamatawo, atatenga dzina latsopano la Creedence Clearwater Revival, adasaina naye pangano. John adali ndi zaka 22. Panganolo lidaika umwini wa nyimbo zimene iye ankapeka m'manja mwa kampani, lidamanganso gululo kuti lizipereka nyimbo zambiri chaka ndi chaka. Kodi umwini wa nyimbo nchiyani? Mwini nyimbo ndiye amalola kapena kukana kuti igwiritsidwe ntchito m'kanema kapena potsatsa malonda, ndipo ndiye amatola gawo la ndalama nthaŵi iliyonse pamene wina aijambulanso. Kwa anyamata amene adali asanatchuke, mau ameneŵa adaoneka ngati opanda kanthu. Mtima wawo udali pa chimbale, osati pa timalemba tating'ono ta pa pepala. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kutchuka kudadza ngati chigumula. M'chaka chimodzi chokha cha 1969 gululo lidatulutsa zimbale zazikulu zitatu: Bayou Country, Green River, ndi Willy and the Poor Boys. Mu Ogasiti chaka chomwecho adaimba pa msonkhano waukulu wa oimba ku Woodstock. Nyimbo ya John yotchedwa "Fortunate Son" idafika anthu ambiri pamtima, pakuti inkadandaula kuti ana a osauka ndiwo ankatumizidwa ku nkhondo pamene ana a anthu olemera ndi amphamvu ankapulumuka. Mu 1970 chimbale cha Cosmo's Factory chidakhala masabata 9 pa malo oyamba m'dziko lonse la America.

Mng'alu m'khoma

Koma m'kati mwa gululo mudalibe mtendere. John ndiye ankapeka nyimbo, ndiye ankaimba, ndiye ankaliza gitala wotsogolera, ndiye ankayang'anira kajambulidwe, ndipo adasenzanso nkhani za malonda a gululo. Anzake atatu aja adayamba kudziona ngati antchito m'munda umene adaswa mphanje pamodzi. Iye naye ankaopa kuti akasintha kachitidwe kamene kadaŵatulutsa mu umphaŵi, abwereranso komweko. Pamenepa tisafulumire kuŵeruza, pakuti onse adali ndi mfundo. Luso lidalidi la John, koma thukuta la zaka khumi lidali la onse anayi. John mwini adadzafotokoza kuti nyimbo ija ya "Have You Ever Seen the Rain" inkanena za chisoni chimene chidaloŵa pakati pawo pa nthaŵi yomwe zinthu zinkaoneka kuti zikuyenda bwino koposa.

Kuchiyambi kwa 1971 Tom adatuluka m'gululo. Otsalawo adatulutsa chimbale china mu 1972, Mardi Gras, m'mene aliyense adapeka ndi kuimba nyimbo zake. John ankati anzakewo ndiwo adaumirira zimenezi, pamene iwo ankati John ndiye adaŵakakamiza. Chimbalecho chidanyozedwa kwambiri ndi olemba nkhani, ndipo mu Okutobala 1972 gululo lidapasuka, lisanathe zaka zisanu chitengere dzina lake lotchukalo.

Zaka za mkwiyo

Gulu litatha, pangano lija silidathe. John adapeza kuti adakali womangidwa kwa kampani imene idali ndi nyimbo zake. Pofuna kumasuka, adalolera kusiya ndalama zimene ankalandira pa zimbale za gululo. Gitala wake wokondedwa wa mtundu wa Rickenbacker adangompatsa mnyamata wina. Kwa zaka zambiri adakana kuimba poyera nyimbo zimene adapeka yekha, chifukwa phindu lake linkapita kwa amene ankakangana nawo. Pambuyo pa chimbale chake cha 1975, sadatulutsenso chimbale chachikulu chilichonse kufikira 1985.

Mu 1985 adabwerera ndi chimbale cha Centerfield, chimene chidafika pa malo oyamba. Apa padachitika chodabwitsa. Kampani ya Fantasy idamsumira mlandu wakuti nyimbo yake yatsopano, "The Old Man Down the Road", adaiba ku nyimbo ya "Run Through the Jungle", imene iye mwini adapeka mu 1970 koma umwini wake udali wa kampani. Kodi munthu angadzibere yekha? Mu 1988, ku San Francisco, John adaloŵa m'bwalo la milandu ndi gitala m'manja, naliza pamaso pa oŵeruza kuti amve okha kusiyana kwa nyimbo ziŵirizo. Mlanduwo udamkomera. Nkhani ya ndalama zimene adalipira maloya idakwera kufikira ku bwalo lalikulu koposa la dzikolo, ndipo mu 1994 nakonso adapambana.

Koma taonani chimene chinkachitika kumbali pamene milandu inkayenda. Tom adakhalabe pa ubwenzi ndi Zaentz, ndipo John adachiona chimenechi ngati kuperekedwa ndi mbale wake. Anayi aja adaimbira pamodzi komaliza pa phwando la ukwati wa Tom mu 1980. Pambuyo pake Tom adalandira magazi okhala ndi kachilombo ka HIV pamene ankachitidwa opaleshoni ya msana, ndipo adamwalira pa 6 Sepitembala 1990 ku Scottsdale, m'chigawo cha Arizona, ali ndi zaka 48. Adatsikira kuli chete abale aŵiriwo asanagwirizane kwenikweni. Mu 1993, pamene gululo linkapatsidwa ulemu wa Rock and Roll Hall of Fame, mkazi wamasiye wa Tom adadza ndi phulusa la mwamuna wake, akuyembekeza kuti otsalawo aimbira pamodzi. John adakana kuimba ndi Stu ndi Doug, naimba ndi oimba ena, anzake a pa sukulu aja natuluka m'chipindamo.

Zimene zidabwerera

Moyo wa John udayamba kuongoka pang'onopang'ono. Mu 1987 adaimbanso nyimbo zake zakale pa msonkhano wolemekeza asilikali amene adamenya nkhondo ya ku Vietnam. Mu 1991 adakwatira Julie, amene iye mwini amamutchula kuti ndiye adamchotsa mu mdima wa mkwiyo. Mai ameneyu adafunafuna gitala uja kufikira adampeza, nampereka kwa mwamuna wake pa Khirisimasi ya 2016, patapita zaka zopitirira 40. Kampani ya Fantasy idagulidwa ndi ya Concord mu 2004, ndipo mu Januwale 2023 John, ali ndi zaka 77, adagula gawo lalikulu la umwini wa nyimbo zake. Zidamtengera zaka 55 kuti aombole zimene adapereka ndi cholembera tsiku limodzi. Pa ukalamba wake waimba nyimbo zimenezi pamodzi ndi ana ake aamuna aŵiri, Shane ndi Tyler.

Gitala adabwerera. Nyimbo zidabwerera. Koma Tom sadabwerere. John wanenapo poyera kuti adadzamkhululukira mkulu wake, koma adachita zimenezi yekhayekha mumtima, pakuti woti alandire chikhululukirocho padalibenso.

Titengepo chiyani?

Kwa inu achinyamata tikuti: luso ndi chuma, ndipo pali anthu amene amaliona msanga mwini wake asanadziŵe mtengo wake. Musasaine pepala lililonse, kaya la ntchito, la ngongole kapena la malo, musanaliŵerenge bwino ndi kulionetsa kwa munthu wodziŵa amene alibe phindu pa nkhaniyo. Kufunsa kumatenga tsiku limodzi. Kumasula mfundo yomangidwa mothamanga kungatenge moyo wonse. Ndipo iwe amene uli ndi mphatso yoposa abale ako, kumbuka amene adakupatukira kuti udutse. John adali ndi luso losatsutsika, koma akadaŵapatsa anzake mpata wolankhula pa zinthu za gulu lawo, mwina mbiriyi ikadakhala ina.

Kwa ife makolo funso ndi ili: kodi m'banja mwathu mulibe John ndi Tom? Alipo abale amene adayamba sitolo pamodzi, kapena adagaŵana munda wa malemu bambo awo, ndipo lero amadutsana pa maliro osapatsana moni. Aliyense ali ndi umboni wake, ndipo mwina aliyense akunena zoona. Timakonda kunena kuti chibale ndi fupa sichiola, ndipo ndi mau abwino. Koma mwambi umenewu tisausandutse pobisalira, nkumati tidzayanjana maŵa popeza chibale sichitha. Chibale sichiola, koma mbale amafa.

Bwalo la milandu lidatha kuŵeruza za nyimbo ziŵiri za John. Silikadatha kumbwezera zaka pafupifupi makumi aŵiri zimene adakhala motalikirana ndi mkulu wake. Ngati pali mbale amene mwakhala nthaŵi yaitali osalankhula naye, musadikire kuti mlandu wonse uyambe wagamulidwa. Pitani mukampatse moni akali ndi makutu akumva. Zotsalazo mudzakambirana mutakhala pa mphasa imodzi.