Za Tanthauzo la Liu Lakuti Congress

Kwa Mafumu olemekezeka ndi abale onse a m'Bungwe lathu,

Tisanakomane pa msonkhano ulinkudza, taona kuti nkwabwino tiyambe tafotokoza liu limodzi la Cingelezi limene ambiri alichula osadziwa kulemera kwace, ndilo Congress. Muzu wace uli m'Cilatini, ndipo utanthauza kuyenda kudzakomana pamodzi. Koma Angelezi aligwiritsa nchito m'njira zitatu.

Poyamba, litanthauza msonkhano wa nthumwi umene ukhala kanthawi ndi kubalalika. Wotere unali uja wa ku Vienna m'zaka za 1814 ndi 1815, pamene akuru a maiko a ku Ulaya anakonzanso malire zitatha nkhondo za Napoleon. Kaciwiri, ndilo dzina la bwalo lopanga malamulo ku America, la nyumba ziwiri, yina ya anthu 100, yina ya anthu 435. Kacitatu, litanthauza bungwe lokhalitsa la anthu a mtima umodzi, monga lija Amwenye anayamba ku Bombay mu 1885.

Makolo athu anasankha tanthauzo lacitatuli. Mu 1912 kunabadwa North Nyasa Native Association, ndipo ena anatsata, monga la Mombera mu 1920. Koma lirilonse linkadandaula palokha, ndipo mau a cigawo cimodzi Boma linkawapeputsa. Cifukwa cace mu 1944 anamanga mabungwewo mtolo umodzi ku Blantyre, naucha Nyasaland African Congress, mtsogoleri woyamba nakhala Bambo Levi Mumba. Mu 1959 Boma la Atsamunda linaletsa bungwelo, ndipo sitikhulupira kuti likadabvutika kuletsa cinthu copanda mphamvu.

Tsono ife tifunsa, kodi Bungwe lathu liri m'tanthauzo liti? Tiopa kuti liri m'loyamba lokha. Tibwera, tiomba m'manja, tibalalika, ndipo zimene tapangana zigona m'buku la mlembi kufikira caka camawa. Cimanga ca m'nkhokwe naco casonkhana pamodzi, koma siciyenda kupita kuli konse.

Cifukwa cace tipempha zinthu zitatu. Inu Mafumu, muyambe mwakhala pabwalo ndi anthu anu, kuti podza kuno mudze ndi mau a mudzi wonse, a amai ndi a amphawi omwe. Inu abale, perekani copereka canu pa nthawi yace, pakuti kalata yopita kwa akuru a Boma ifuna pepala ndi sitampa. Ndipo tonsefe, mlandu ukathera pabwalo, pasapezeke wina wozemba usiku kukanena zina kwa akuru, kuti apeze ulemu wa iye yekha. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo tiwonjeza kuti mitu yambiri yoyang'ana kosiyana idzaligwetsa.

Idzani nonse, mutaganiza bwino pa mau awa.

Ndife atumiki anu m'nchito ya Bungwe.