Nyumba ya ulendo wa ku Muloza tiisankhe ngati tikukweza boti

Anzanga a kugombe, kuyambira ku Makanjira, Malindi, Msaka, Chembe, mpaka inu a ku Senga Bay ndi Nkhotakota amene uthengawu ukufikani mochita kupatsirana, ndati ndiikepo mlomo pa nkhani yomwe yatenthetsa magulu athu masiku ano. Mwera wayamba, nyanja sikulola masiku ambiri, ndiye aliyense akuti tiyeni tikapitidweko mphepo ina pa tchuthi cha 6 July. Maso a ambiri ali ku Mulanje, mpaka ku Muloza kuchipata cholowera ku Mozambique. Ulendowo ngwabwino, ndilibe nawo mawu. Pomwe ndikukana ine ndi pa kasankhidwe ka kogona. Munthu akangoponya zithunzi zitatu za nyumba ya kapinga wometa bwino, phiri kumbuyo, basi onse "imeneyo, imeneyo!" ndipo wina wayamba kale kufunsa nambala ya Mpamba.

Amwene, ngati pali anthu osayenera kupusitsidwa ndi chithunzi, ndife. Takulira pakati pa makoteji. Tikudziwa pomwe wojambula amaima: msana amalozetsa ku thandala la usipa, chimbudzi chogumuka amachisiya kumanzere, kenako amadikira dzuwa lifiire. Mlendo wa ku Lilongwe akafika n'kupeza kuti "m'mphepete mwa nyanja" muja n'kuyenda mphindi 20 mumchenga wotentha, timaseka. Nanga bwanji ifenso tikufuna kukasekedwa ndi ana a ku Limbuli?

Bambo anga pokweza alovi m'boti sayang'ana utoto wa botilo. Amawerenga mitu, amaona kulemera kwa chilimira, amayang'ana mphepo, ndipo amaganizira yemwe sadziwa kusambira bwino. Nyumba ya gulu imasankhidwa chimodzimodzi. Muyeso wake si munthu wa ndalama zambiri kapena wa phokoso kwambiri pa gulu. Muyeso ndi uja wasonkha movutikira, mchemwali yemwe wabwera ndi mwana kumbuyo, ndi uja amagona 9 koloko chifukwa thupi linazolowera kudzuka mbandakucha. Nyumba ikawakwanira amenewa, enafe itikwanira.

Koma tisanafike pa zipinda, tiyambe tagwirizana kuti tikupita kuti, chifukwa "ku Mulanje" n'kotakata. Muloza ali kum'mawa kwenikweni, pamathero a msewu wa M2, makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa boma. Mukawoloka mtsinje wa Muloza mwalowa m'dziko la eni, tauni yoyamba ndi Milange. Kufupi ndi chipatacho kuli msika wa Limbuli, ndipo msewu wonse kuchokera pa boma umadutsa m'minda ya tiyi, phiri lili kumanzere ngati khoma. Koma zomwe ambiri mukuzitchula, Dziwe la Nkhalamba ndi njira zokwerera ku Chambe, zili ku Likhubula, mbali inayo ya phiri, makilomita ngati 10 kuchokera pa Chitakale mumsewu wa ku Phalombe. Werengani nokha: mukagona ku Muloza koma mtima uli ku Likhubula, ndi makilomita pafupifupi 80 kupita ndi kubwera, tsiku lililonse, pa kosita yomwe mafuta ake mukulipira ndinu. Ndalama yomwe mwapulumutsa pa nyumba yotchipa yathera pa filing'i siteshoni, ngati mafutawo apezeka n'komwe.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ngati chomwe chakutengerani ndi msika, minda ya tiyi ndi kuponda ku Milange, gonani mbali ya Limbuli ndi Muloza, osachita manyazi kuti si malo a azungu. Ngati ndi phiri, gonani ku Likhubula kapena pa boma, Muloza mumupatse tsiku limodzi la kupita n'kubwera. Dziwaninso kuti mpikisano wa Porters Race umachitika kawirikawiri mu July, ndipo nthawi imeneyo malo ogona a ku Likhubula amadzaza msanga. Chomwe sichitheka n'kufuna zonse ziwiri pakhomo. Gulu livote pa ichi choyamba, zithunzi zibwere pambuyo.

Tsopano nyumbayo. Mwini wake akati "muno mumagona anthu 20", mufunseni kuti mabedi alipo angati. Anthu 20 ndi mabedi 20 ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kawirikawiri amatanthauza mabedi 8, awiriawiri, otsalawo pamatilesi pabalaza. Kugona pansi si mlandu, tonse tagonapo pamchenga titafunda thumba. Mlandu ndi woti wogona pasimenti alipire chimodzimodzi ndi amene watsekera chitseko m'chipinda cha bafa lakelake. Ndipo tikudziwana: zipinda zabwino zimatengedwa ndi omwe afika msanga pa galimoto ya mnzawo, pomwe obwera pa minibasi, omwenso ndi osauka pa gulu, amapeza pakhonde. Zipinda zigawidwe pa pepala tisananyamuke, ndipo wapansi alipire zochepa. Apa pokha maubwenzi ambiri apulumuka.

Funso lomwe anyamata safunsa, chifukwa kwathu nyanja inatilera moipa, ndi la madzi ndi chimbudzi. Kugombe ukadzuka umangotsetsereka, wasamba, watsuka mbale, wachapa. Ku Muloza kulibe zimenezo. Anthu 24 pa chimbudzi chimodzi, aliyense mphindi 10 zokha, ndi maola 4 athunthu. Mwadzuka 5 koloko, womaliza akutuluka 9, ulendo wa tsikulo wafa kale. Ine nyumba ya zimbudzi zosakwana zitatu pa gulu lotere sindiyiwerengera, ngakhale itakhala ndi maluwa mpaka padenga. Funsaninso kuti madzi ndi a pampopi, a thanki kapena a pamjigo, ndipo mpopi ukauma amatunga kuti, amatunga ndani. Mukapanda kufunsa, yankho lake mukulidziwa: atsikana a pa gulu ndi omwe adzasenze zidebe pomwe anyamata akujambulitsa ndi phiri. Iwonso asonkha ndalama yomweyo. Sanabwere kudzagwira ganyu.

Pa nkhani ya atsikana yomweyi ndinenepo mosabisa. Chipinda chawo chikhale ndi loko wogwira ndi kiyi wawo, ndipo bafa lisakhale loti adutse pakati pa anyamata 10 ogona pabalaza atavala chitenje chokha. Makolo ambiri kugombe amakaniza ana awo aakazi maulendo otere, ndipo nthawi zina timawanena kuti ngachikale. Koma tawafunsani chomwe amaopa, mupeza kuti ndi kagonedwe komweka. Mukatha kuuza mayi wa mnzanu kuti atsikana ali ndi nyumba yawo, ya mpanda, mlonda alipo, mudzaona chilolezo chikutuluka.

N'chifukwa chake ine ndimakonda nyumba ziwiri zoyandikana kuposa chinyumba chimodzi chachikulu. Ena akuti zimagawa gulu. Ayi, chimagawa gulu ndi sipika yolira mpaka 3 koloko m'mawa pomwe wina mutu ukumuwawa. Pa gulu lathu pali a kwaya, pali Asilamu odzuka m'mamawa kukaswali, pali okonda botolo, pali a ana. Kudya tidyere pamodzi, kucheza pamoto pamodzi, koma pofika nthawi yogona aliyense adziwe kolowera. Ndipo mwini nyumba auzidwe zoona kuti tilipo angati ndipo tidzaimba nyimbo mpaka nthawi yanji. Zija zonena kuti "tilipo 12" kenako n'kutsika 25 m'kosita n'zomwe zimachititsa kuti eni malo azikana magulu a achinyamata. Ifenso timadandaula alendo akatichita zomwezo kugombe.

Khitchini musaiiwale, chifukwa m'menemo ndi momwe muli phindu lonse lobwereka nyumba m'malo mogona m'zipinda za loji. Anthu 24 kudya m'lesitilanti katatu pa tsiku, thumba litha tsiku lachiwiri. Ife tili ndi mwayi womwe magulu a m'tauni alibe: ndiwo tichoka nazo kwathu. Usipa wofutsa, utaka wouma, kampango wowamba, ufa thumba limodzi. Zinanazi, nthochi, masamba ndi tomato tikagula komweko, Mulanje sasowa zimenezo. Koma funsani ngati amalola kuphika nokha, ngati pali mbaula ndi malo a makala magetsi a ESCOM akathima, komanso kukula kwa mapoto. Nyumba zambiri zili ndi timapoto ta banja la anthu 5. Nsima ya anthu 24 m'kapoto kotero mudzaphika kasanu, oyamba kudya adzakhala atamvanso njala omaliza asanasambe m'manja. Ngati palibe, nyamulani chimphika cha pa zinkhoswe ndi mthiko wake. Ndipo auzeni kuti tidzakazinga nsomba. Alipo eni nyumba amene fungo la usipa m'makatani mwawo salifuna, ndi bwino akane tili kwathu.

Kuzizira. Apa ndiye ndikuchondererani, chifukwa mwana wa ku Mangochi amaganiza kuti juzi imodzi ndi chida chokwanira. Mphepo yomweyi ikutivutitsa panyanja ngati mwera, ku Mulanje imafika ndi chiperoni: nkhungu, kamvula kowaza kosaleka, masiku awiri atatu dzuwa osaoneka. Dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ndipo mbali ya Muloza ndi yomwe imayang'anizana nako. Mvula yambiri ya mbali imeneyi ndiyo inakokera tiyi kumeneko. Choncho funsani mabulangete kuti alipo angati, madzi osamba amatenthetsa bwanji, ndiponso ngati pali pabalaza kapena khonde lofolera loti anthu onse n'kukhala pansi kukagwa mvula. Kapinga wokongola uja pa chiperoni ndi matope. Maneti a udzudzu afunseninso, ndipo akakupatsani muwasiye komweko, si a usipa, tikudziwana.

Onaninso pomwe nyumbayo yakhala. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo dera la Muloza linali limodzi mwa madera omwe madzi, matope ndi miyala yochokera m'phiri zinasakaza kwambiri. Mu July chiopsezo chotero n'chochepa, koma amene mukukonza ulendo wa Khirisimasi kapena Pasaka, nyumba ya m'mphepete mwa mtsinje wotsika m'phiri muiganizire kawiri. Mitsinje ya kumeneko imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pomwe mwaima sipanagwe dontho. Funsaninso ngati kosita imafika pakhomo msewu ukanyowa. Ndipo poti tatchula madzi: Dziwe la Nkhalamba si nyanja yathu. Madzi ake ngozizira kwambiri, ngakuya, ndipo anthu amirapo. Ukatswiri wa pa Chembe usatipusitse. Wofuna kukwera phiri atenge wolondolera wa komweko, Sapitwa ndi mamita 3,002, si chulu.

Ndalama tsopano, pomwe pamafera magulu. Dipoziti isatumizidwe kwa munthu yemwe tangomuona pa Facebook. Pa gulu lonseli sipangalephere kupezeka wina yemwe ali ndi mbale ku Limbe, ku Luchenza kapena wogwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Timutumizire thiransipoti apite akaione nyumbayo ndi maso, atsegule mpopi, agwejemule chimbudzi, awerenge mabedi, atiimbire pa vidiyo ali m'katimo. Ndalama ya ulendo wakeyo ndi yochepa poyerekeza ndi dipoziti ya anthu 24 itapita ndi mphepo. Potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lotuluka pa foni lifanane ndi la munthu yemwe wakumana nayeyo. Mtengo, masiku, chiwerengero cha anthu, zomwe zichitike wina akaswa galasi, ndi ndalama yomwe ibwerere tikalephera kubwera, zonsezi zilembedwe mu uthenga, osati pakamwa pokha.

Msungichuma asakhale yemweyo wapeza nyumba. Sindikunena kuti wina ndi wakuba, koma munthu mmodzi akagwira zonse, ngakhale ali woyera mtima, manong'onong'o sachedwa. Awiri asunge, ndipo aliyense wolipira alembedwe poyera pa gulu. Tigwirizanenso lero kuti wosintha maganizo sabata yomaliza dipoziti yake sibwerera, chifukwa mtengo wa nyumba sutsika iye akatsala, umangogwera otsalawo. Ndipo pamwamba pa mtengo wa nyumba tiikepo kangachepe ka mlonda ndi mayi wosesa. Ambirife azibale athu amagwira ntchito zomwezo m'makoteji, tikudziwa momwe zimawawira gulu likachoka n'kusiya mulu wa mbale ndi "zikomo" wouma.

Amene mukufuna kukaponda ku Milange, konzani mapepala oyendera tisananyamuke ndipo mudutse pachipata, osati njira za m'tchire zomwe wina angakulozereni. Chenjeraninso ndi foni, kufupi ndi malire nthawi zina imakoka netiweki ya ku Mozambique, mayunitsi n'kutha osadziwa.

Ndiye amene muli ndi nyumba zomwe mukuziganizira, ponyani pa gulu pofika Lachisanu, koma chithunzi choyamba chikhale cha chimbudzi, chachiwiri cha khitchini, ndipo mulembe chiwerengero cha mabedi ndi mtunda wake kuchokera pa Limbuli kapena pa Chitakale. Tivota Lamlungu madzulo, alovi akatsika.